Zimene zimasintha ndi zimene sizisintha mu Mpingo wa Katolika

Pa 18 Disembala 2023, patangotsala sabata imodzi kuti Khirisimasi ifike, ofesi ya ku Vatican yoyang'anira chiphunzitso cha chikhulupiriro inatulutsa chikalata chotchedwa Fiducia Supplicans. Usiku womwewo mauthenga anayamba kuyenda pa WhatsApp akuti Papa walola maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha. Kutacha, pa 19, maepiskopi a ku Malawi analemba kuti madalitso a anthu okhalira limodzi motero saloledwa m'dziko muno, pofuna kupewa chisokonezo pakati pa akhristu. A ku Zambia analankhulanso tsiku lotsatira. Ku miphakati ndi m'makwaya anthu anatsala ndi mafunso awiri amene mpaka pano sanathe. Kodi Papa angathe kusintha chikhulupiriro? Nanga maepiskopi angakane zochokera ku Roma n'kukhalabe Akatolika enieni?

Papa Francis anamwalira pa 21 Epulo 2025, ndipo pa 8 Meyi anasankhidwa Papa Leo XIV, koma mafunsowa akadali pomwepo, chifukwa sanayambire pa chikalata chimodzi. Gwero lake ndi liwu limene tonse timalitchula tsiku ndi tsiku, aliyense akuganiza zake: mwambo.

Liwu limodzi, zinthu zitatu

Mkatolika akati "tisunge mwambo", angakhale akunena chimodzi mwa zinthu zitatu zosiyana kulemera kwake.

Choyamba ndi chimene Mpingo umachitcha Mwambo Woyera, kapena Mwambo wa Apostoli. Ichi ndi chikhulupiriro chimene Apostoli analandira kwa Yesu n'kuchipereka kwa amene anawatsatira, china cholembedwa, china chapakamwa ndi m'machitidwe a chipembedzo. Paulo Woyera anauza Akorinto kuti anawapatsa zimene iye mwini analandira (1 Akorinto 15:3), ndipo Atesalonika anawalimbikitsa kugwiritsitsa zimene anaphunzitsidwa ndi mawu apakamwa kapena ndi kalata (2 Atesalonika 2:15). Mpingo umakumbutsanso kuti akhristu ankabatiza ndi kunyema mkate kwa zaka zambiri mabuku a Chipangano Chatsopano asanasonkhanitsidwe pamodzi. M'gulu limeneli muli Utatu Woyera, kuuka kwa akufa, masakramenti asanu ndi awiri, ndi chiphunzitso chakuti mu Ukaristia muli Khristu weniweni. Izi Mpingo umati ulibe mphamvu yozichotsa, chifukwa unangosungitsidwa.

Chachiwiri ndi malamulo ndi makonzedwe a Mpingo. Awa anaikidwa ndi atsogoleri kuti atchinjirize chikhulupiriro chija, ndipo amene anawaika angathenso kuwasintha. Agogo athu amakumbukira kuti kale wofuna kulandira Ukaristia sankadya kanthu kuyambira pakati pa usiku. Mu 1957 Papa Pius XII anachepetsa nthawiyo kufika pa maola atatu, ndipo mu 1964 Papa Paul VI anaifikitsa pa ola limodzi. Buku la malamulo a Mpingo la 1917 linkalamula akazi kuphimba kumutu m'tchalitchi, pomwe la 1983 silitchulanso zimenezo, ngakhale kuti amayi ambiri kuno amavalabe duku mwa ulemu wawo. Kusakwatira kwa ansembe kulinso m'gulu lino. Ndi lamulo lakale komanso lolemekezeka, koma m'mipingo ya Katolika ya Kum'mawa, monga ku Ukraine ndi ku Lebanon, muli ansembe okwatira amene ali pansi pa Papa yemweyo. Kukhala lamulo losinthika sikutanthauza kuti munthu angalithyole mwa yekha: Emmanuel Milingo, amene anali arkiepiskopi wa Lusaka, anakwatira mu 2001, ndipo mu 2006 anadulidwa mu Mpingo atadzoza maepiskopi popanda chilolezo cha Papa.

Chachitatu ndi zizolowezi za malo: nyimbo, mavalidwe, kavinidwe, atsikana ovina patsogolo pa mdipiti, nsalu za mabungwe, kaperekedwe ka mphatso pa Misa ya zokolola. Izi zimasiyana parishi ndi parishi, ndipo n'zodabwitsa kuti nthawi zambiri ndi zimene anthu amakangana nazo mwaukali kuposa zina zonse, chifukwa ndi zimene anakula nazo.

Mikangano yambiri ya masiku ano, mukaipenyetsetsa, ndi yolimbirana kuti nkhani yakutiyakuti ili m'gulu liti. Wina amati ili m'gulu loyamba, choncho siikhudzidwa. Mnzake amati ili m'gulu lachiwiri, choncho ingakonzedwe.

Mbewu ndi nkhokwe

Mlimi wosunga chimanga chamakolo amadziwa kuti mbewu siisungidwa poitsekera m'nkhokwe zaka khumi. Imafumbwa. Amaisunga poibzala chaka ndi chaka, n'kusankha ngala zabwino, n'kuzipachika pa utsi m'khitchini. Nkhokwe imaola, amaluka ina. Munda umaguga, amatsegula wina. Koma akakolola amayembekeza chimanga chomwe chija, ndipo atapeza mapira adziwa kuti penapake mbewu inasinthanitsidwa.

Umu ndi mmene Mpingo umafotokozera kukula kwa chiphunzitso. Mmonke wina wa ku France, Vincent wa ku Lérins, analemba mu 434 kuti chiphunzitso chimakula ngati thupi la munthu: khanda limasanduka nkhalamba, ziwalo zimakula, koma munthu ndi yemweyo. Mu 1845 John Henry Newman, Mngelezi amene anachoka ku Anglican kulowa Katolika chaka chomwecho, analemba buku lonse pa funso la mmene tingasiyanitsire kukula kwenikweni ndi kuvunda. Papa Leo XIV anamupatsa udindo wa Mphunzitsi wa Mpingo pa 1 Novembala 2025.

Zitsanzo zilipo zooneka. Mawu a Kredo amene timanena Lamulungu, akuti Mwana ndi wofanana ndi Atate mu umulungu, anakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325. Maepiskopi a pamsonkhanowo sankaona ngati akupeka chikhulupiriro chatsopano. Ankafuna mawu omveka otsekera pakamwa chiphunzitso cha Arius, amene ankati Mwana anachita kulengedwa. Kwa zaka mazana ambiri Mpingo unkaletsa kulandira chiwongoladzanja chilichonse pa ngongole, koma chuma cha dziko chitasintha, unayamba kusiyanitsa phindu loyenera ndi katapila wofinya osauka. Chilango cha imfa ndicho chitsanzo cha m'nthawi yathu. Kale Mpingo unkavomereza kuti boma lingathe kunyonga wopalamula mlandu waukulu. Mu 1995 Papa John Paul II analemba kuti masiku ano n'kovuta kupeza mlandu umene chilangocho chingafunikedi. Mu 2018 Papa Francis anasintha ndime 2267 ya Katekisimu kuti inene kuti chilango cha imfa n'chosaloleka. Ena amati uku ndi kukula kwa mbewu yomweyo, ya ulemu wa moyo wa munthu. Ena amati mawu atsopanowa akutsutsana ndi akale, ndipo amada nkhawa kuti khomo likatseguka apa lidzatsegukanso pena. Mbali zonse ziwiri zimawerenga Newman yemweyo.

Ndani amagamula

Mu Katolika, udindo wosiyanitsa mbewu ndi nkhokwe uli ndi Papa pamodzi ndi maepiskopi. Udindo wophunzitsawu m'Chilatini amautcha magisterium. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unanena m'chikalata cha Dei Verbum kuti udindowu suli pamwamba pa mawu a Mulungu koma umawatumikira. Tinganene kuti Papa ali ngati mfumu yolowa dzina: imaweruza milandu ya lero, koma malire a mudzi inawapeza, ndipo ikayamba kugulitsa manda a makolo anthu amadziwa kuti yapyola udindo wake.

Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa. Mawu onse a Papa salemera mofanana. Chiphunzitso chakuti Papa salakwa, chimene chinakhazikitsidwa mu 1870, chimakhudza pokhapo pamene akulengeza mwalamulo, kwa Mpingo wonse, nkhani ya chikhulupiriro kapena ya makhalidwe kuti yatsekedwa. Izi zimachitika kamodzikamodzi kwambiri. Chitsanzo chodziwika ndi cha 1950, pamene Pius XII analengeza za kutengedwa kwa Maria kunka kumwamba. Pansi pake pali makalata akuluakulu ophunzitsa, amene Mkatolika amayenera kuwalandira ndi mtima womvera. Pansinso pali malangizo a ubusa ochokera m'maofesi a ku Vatican. Zimene Papa wayankha atolankhani m'ndege ndi maganizo oyenera ulemu, koma si lamulo. Komanso episkopi si kapitawo wa Papa wongotumidwa. Mpingo umaphunzitsa kuti episkopi aliyense ndi wolowa m'malo mwa Apostoli mu dayosizi yake, ndipo ali ndi udindo woona mmene malangizo angagwirire ntchito pakati pa nkhosa zake, bola asachoke mu umodzi ndi Roma.

Misa ya Chilatini

Ku Ulaya ndi ku America, mukamva kuti wina ndi "Mkatolika wa mwambo", kawirikawiri nkhani yake imakhala ya Misa. Utatha msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Trent, Papa Pius V anatulutsa buku la Misa mu 1570, ndipo linagwira ntchito pafupifupi zaka 400 ndi kusintha kochepa. Ndiyo Misa imene amishonale a Montfort anabwera nayo ku Nzama mu 1901, ndi imene amishonale a Abambo Oyera (White Fathers) anayamba nayo ku Mua mu 1902: yonse m'Chilatini, wansembe atayang'ana kuguwa mbali imodzi ndi anthu, mapemphero ambiri akuwanena chamumtima. Mu 1963 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unalola zilankhulo za anthu kulowa m'mapemphero, ndipo buku latsopano la Misa la Papa Paul VI linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 1969.

Ena sanalandire kusinthaku. Arkiepiskopi Marcel Lefebvre, Mfalansa amene anatumikira zaka zambiri ku Gabon ndi ku Senegal, anayambitsa gulu la ansembe la Pius X Woyera mu 1970, ndipo mu 1988 anadzoza maepiskopi anayi Papa atamuletsa. Onse anadulidwa. Papa Benedict XVI, pofuna kulunzanitsa, anamasula Misa yakale mu 2007 kuti wansembe aliyense athe kuichita, ndipo mu 2009 anachotsa chilango pa maepiskopi anayi aja. Mu 2021 Papa Francis anabweza chilolezocho m'manja mwa maepiskopi n'kuikapo malire okhwima, ponena kuti ena ankagwiritsa ntchito Misa yakale pokana msonkhano wa Vatican wonse.

Okonda Misa yakale amati m'menemo amapeza bata, ulemu ndi kuopa Mulungu zimene dziko laphokoso linawalanda. Ambiri mwa iwo si okalamba ayi. Chaka chilichonse pa Pentekoste achinyamata zikwizikwi amayenda pansi masiku atatu kuchoka ku Paris kupita ku Chartres, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, akupemphera Misa imeneyi. Oikira kumbuyo Misa yatsopano amakumbutsa kuti Chilatini nachonso chinali chatsopano tsiku lina: akhristu oyamba a ku Roma ankapemphera m'Chigiriki, ndipo anasamukira ku Chilatini chifukwa ndicho chimene anthu wamba ankamva. Mawu akuti Kyrie eleison, amene ife timati "Ambuye mutichitire chisoni", ndi chotsalira cha Chigiriki chija.

Kuno kwathu mkanganowu sunazike mizu kwenikweni, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kwa ife kusintha kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera ndi Misa ya m'Chichewa, ng'oma, visekese ndi nthungululu. Mkhristu wa ku Dedza akati "Misa ya makolo athu", nthawi zambiri amatanthauza yomweyo imene Mfalansa wa ku Chartres amaitcha yachilendo.

Chimene chikalata cha madalitso chinanena

Tibwerere ku Disembala 2023. Chikalata chija, chosainidwa ndi Kadinala Víctor Manuel Fernández ndi kuvomerezedwa ndi Papa Francis, chinabwereza kuti ukwati ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, wosatha, wotsegukira kubereka ana. Pamenepo sichinasinthe kanthu. Chatsopano chinali kusiyanitsa madalitso amitundu iwiri. Pali dalitso la mwambo wa chipembedzo, lokhala ndi mapemphero olembedwa m'buku, limene limaperekedwa pa chinthu chogwirizana ndi chifuniro cha Mulungu. Palinso dalitso lachidule la ubusa, longa limene munthu amapempha akakumana ndi bambo mfumu panjira, limene wansembe safunsa kaye mbiri ya wopemphayo. Chikalatacho chinati dalitso lachiwirili lingaperekedwe kwa anthu awiri okhalira limodzi kunja kwa sakramenti la ukwati, kuphatikizapo amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, koma popanda zovala, mawu kapena zizindikiro za ukwati, ndiponso osati pa mwambo wolembetsa ukwati ku boma. Pa 4 Januwale 2024 ofesi yomweyo inafotokozanso kuti ikunena za pemphero la masekondi 10 kapena 15.

Otsutsa anafunsa kuti: mungadalitse bwanji anthu awiri pamodzi popanda kudalitsa chimene chawaika pamodzi? Anakumbutsanso kuti mu Malichi 2021 ofesi yomweyi inayankha kuti Mpingo ulibe mphamvu yodalitsa maubwenzi otere. Episkopi Martin Mtumbuka wa ku Karonga anachikana chikalatacho poyera mu ulaliki wake wa usiku wa Khirisimasi, ndipo mawu ake anamveka kutali kunja kwa Malawi. Ochivomereza anati kudalitsa munthu si kuvomereza zonse zimene amachita, ndipo anatchula Katekisimu, imene m'ndime 2357 mpaka 2359 imati mchitidwe wogonana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi wosayenera, komanso imalamula kuti anthuwo alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, osasalidwa mopanda chilungamo.

Mathero ake akuyankha funso lachiwiri lija. Kadinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa, mtsogoleri wa SECAM, bungwe la maepiskopi a mu Africa ndi Madagascar, anapita ku Roma kukakambirana ndi Papa. Pa 11 Januwale 2024 anatulutsa uthenga, umene Papa anauona n'kugwirizana nawo, wakuti madalitsowa sadzaperekedwa mu Africa chifukwa angakhumudwitse akhristu, koma kuti maepiskopi ali mu umodzi ndi Papa. Ngakhale mu Africa momwemo mawu sanali amodzi: maepiskopi a kumpoto, ku maiko monga Algeria ndi Morocco, anati iwo angathe kupereka dalitso lachidulelo. Zonsezi zinatheka chifukwa Roma inaika nkhaniyi m'gulu la malangizo a ubusa. Ikanakhala ya m'gulu loyamba, sipakanakhala zoti kuno inde, uko ayi.

Chifukwa chake makutu amamva mosiyana

Chikalatachi sichinagwe kuchokera kumwamba. Mu Sepitembala 2022 maepiskopi a chigawo cha Flanders ku Belgium anali atatulutsa kale pemphero lodalitsira amuna okhaokha kapena akazi okhaokha okhalira limodzi, ndipo mu Malichi 2023 msonkhano wa Akatolika a ku Germany unavotera zomwezo. Ku Germany, m'chaka cha 2022 chokha, anthu oposa 500,000 analembetsa kuti atuluka mu Mpingo wa Katolika. Episkopi wa kumeneko amaona mabenchi opanda anthu ndi achinyamata amene amati Mpingo ndi wankhanza, ndipo amafunsa kuti awafikire bwanji. Enanso kumeneko amayankha kuti mipingo imene inatsata maganizo a dziko pa zonse nayonso ikutha anthu, ndiye kufewetsa si mankhwala.

Episkopi wa ku Africa ali ndi vuto lina: matchalitchi osakwanira anthu, wansembe mmodzi wa nthambi makumi angapo. Mwa Akatolika pafupifupi 1.4 biliyoni a padziko lonse, mmodzi mwa asanu alionse ali mu Africa, ndipo chiwerengerocho chikukula. Ku Malawi kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 17 mwa 100 alionse ndi Akatolika. Palinso chilonda chakale: anthu amene anauzidwa ndi azungu kuti miyambo yawo ya ukwati ndi yachikunja samva bwino azungu omwewo akabweranso ndi malangizo ena a ukwati.

Chichewa chili ndi miyambi ya mbali zonse ziwiri. Wina amati mawu a akulu akoma akagonera. Wina amati tsobola wakale sawawa. M'banja limodzi la Chikatolika mungapeze agogo a kolona wa m'mawa uliwonse, mwana wawo amene ali ku Johannesburg ndipo anasiya kupita ku Misa, ndi mdzukulu wa ku yunivesite amene amafunsa chifukwa chake Mpingo umakana njira zolera za kuchipatala, monga Papa Paul VI analembera mu Humanae Vitae mu 1968, kapena chifukwa chake akazi sadzozedwa unsembe, nkhani imene John Paul II ananena mu 1994 kuti Mpingo ulibe mphamvu yoisintha. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti m'mabanja ambiri mafunso otere amayankhidwa ndi ukali kapena ndi kukhala chete, pamene Mpingo uli ndi mayankho olembedwa amene munthu angawawerenge, kuwalingalira, ngakhale kulimbana nawo mumtima mwake.

Nafenso tili ndi yathu

N'kosavuta kuganiza kuti chikhalidwe chimene chimakankha Mpingo ndi cha ku Ulaya chokha. Chathu nachonso chimakankha, ndipo chakhala chikutero kuyambira pachiyambi. Amishonale oyamba a ku Mua analimbana kwambiri ndi Nyau. Pamalo pomwepo, mu 1976, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, kumene lero kumasungidwa zigoba za Gule Wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo amisiri amasema Yesu ndi Maria ndi nkhope za kuno. Chinamwali, chimene kale chinkaletsedwa, m'maparishi ambiri chinasanduka chilangizo cha chikhristu choyendetsedwa ndi alangizi a Mpingo. Mu 1988 Roma inavomereza kachitidwe ka Misa ka ku Zaire, kokhala ndi kuvina ndi kutchula makolo. Kulowetsa Uthenga Wabwino m'chikhalidwe cha anthu kotereku John Paul II anakulimbikitsa m'kalata yake ya Ecclesia in Africa, imene anasaina ku Yaoundé mu 1995.

Koma pali pamene Mpingo unaima osasuntha, ndipo pamenepa ndi pa mitala. Lingalirani za bambo amene anakwatira akazi awiri asanamve Uthenga, onse ali ndi ana, ndipo tsopano akupempha ubatizo. Lamulo limati akhale ndi mkazi mmodzi, n'kuonetsetsa kuti winayo ndi ana ake akusamalidwa mwachilungamo. Nanga mayi wachiwiriyo, amene sanalakwire munthu, amene mwina ndiye wakhama ku mphakati kuposa onse, apite kuti? Katekisiti aliyense wa kumudzi amadziwa nkhope za anthu otere, okhala kumbuyo m'tchalitchi zaka makumi awiri osalandira. Sinodi ya ku Roma ya Okutobala 2023, msonkhano wa maepiskopi pamodzi ndi akhristu eni ake, inapempha SECAM kuti ilingalire mozama za mmene Mpingo ungayendere ndi mabanja amenewa, ndipo Kadinala Ambongo yemwe uja ndiye anatsogolera ntchitoyo. Mu Novembala 2025 ofesi ya Kadinala Fernández inatulutsa chikalata china, Una Caro, chotsindika kuti ukwati ndi wa anthu awiri okha. Chiphunzitso chili pomwe chinali. Funso limene latsala m'manja mwa maepiskopi a mu Africa ndi la mayi wachiwiri uja: kodi bambo mfumu amuuze chiyani akabwera ku ofesi ya parishi Lachiwiri m'mawa, atanyamula khadi la ubatizo la mwana wake?